Mawu anasandulika thupi: mafunso ndi mayankho pa liwu la Chigiriki lakuti sarx

Ikayandikira Khrisimasi, Yohane 1:14 imamveka paguwa lililonse, ndipo mafunso omwe aja amabweranso, m'kalasi ya ofuna ubatizo, m'mphakati, ngakhale panjira anthu akuweruka kutchalitchi. Tawasonkhanitsa pano, kuyambira osavuta. Mawu a Chigiriki tawalemba m'zilembo zathu kuti aliyense athe kuwawerenga.

Kodi liwu la Chigiriki lonena za Mulungu kukhala munthu ndi liti?

Ambiri amadabwa akamva kuti m'Chipangano Chatsopano mulibe dzina limodzi la chiphunzitsochi. Chimene chilimo ndi chiganizo cha pa Yohane 1:14: *kai ho Logos sarx egeneto*. Buku Lopatulika limati, "Ndipo Mau anasandulika thupi." Liwu limene lasenza nkhani yonse ndi lalifupilo, *sarx*.

Mayina a chiphunzitsochi anadza pambuyo, pamene Akhristu olankhula Chigiriki ankafuna njira yachidule yonenera vesili. Anagwiritsa ntchito mawu ochokera ku *sarx*, *sarkosis* ndi *ensarkosis*, ndiye kuti kukhala mnofu kapena kulowa mu mnofu. Irenaeus, bishopu wa ku Lyon, ankalemba kale *sarkosis* cha m'ma 180. Palinso lina, *enanthropesis*, lochokera ku *anthropos*, munthu, limene talifotokoza m'munsimu, pa funso la Chikhulupiriro cha Nicaea. Olankhula Chilatini anati *incarnatio*, kuchokera ku *caro*, mnofu, ndipo kumeneko ndi kumene Chingerezi chinabwereka liwu lija timalimva kwa alaliki lakuti incarnation.

Nanga sarx limatanthauza chiyani kwenikweni?

Pitani pamsika pomwe apha mbuzi. Wogulitsa, mpeni uli m'manja, amakufunsani ngati mukufuna ya mafupa, zam'kati, kapena mnofu wokhawokha. Mnofu ndi gawo lofewa lija lokuta mafupa, lochucha magazi, limene ntchentche zimayamba kuteramo, ndipo likatandala padzuwa limasintha fungo tsiku lisanathe. Tanthauzo loyamba la *sarx* ndi limenelo.

Chigiriki chili ndi mawu atatu oyandikana, ndipo mwamwayi Chichewa chilinso nawo atatu. *Soma* ndi thupi, lonse lathunthu ndi ziwalo zake. *Kreas* ndi nyama ya ndiwo. M'Chipangano Chatsopano limapezeka kawiri kokha, pa Aroma 14:21 ndi 1 Akorinto 8:13. *Sarx* ndi mnofu. Pa Luka 24:39, pamene Yesu akuti mzimu ulibe mnofu ndi mafupa, liwu lake ndi lomweli. Bokosi lamwala loikamo maliro Agiriki ankalitcha *sarkophagos*, chodya mnofu.

Liwuli limapezeka pafupifupi ka 150 m'Chipangano Chatsopano, ndipo malo oposa theka ali m'makalata a Paulo. M'malo ambiri silikunena mnofu weniweni wogwira ndi chala. Likunena munthu yense, koma pomuyang'ana mbali yake yofooka.

Ngati ndi mnofu, bwanji Baibulo lina likuti "thupi" pomwe lina likuti "munthu"?

Womasulira aliyense amakakamizika kusankha chimene ataye. "Mawu anasanduka mnofu" kwa Mchewa zikumveka ngati nkhani ya nthuli yopanda moyo. Amene anamasulira Buku Lopatulika, motsogozedwa ndi William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed, n'kulimaliza mu 1922, anasankha "thupi", liwu limene analiikanso pamene pali *soma*. Buku Loyera la mu 1998 linalondola tanthauzo, n'kunena kuti adasanduka munthu.

Palibe amene analakwa, koma aliyense anasiya kena m'mbale. "Thupi" lingachititse wina kuganiza kuti Yesu anangotenga chakunja, m'katimo mulibe mtima ndi nzeru za munthu. Ganizo limeneli linavutitsapo mpingo, monga muone pa funso la Nicaea. "Munthu" ndi loona kwathunthu, koma kwathu kuno liwuli ndi laulemu. Tikati "ujeni ndi munthu", tikumuyamikira chifukwa cha umunthu wake. Yohane sankayamikira. Anasankha liwu lakhambi, lonena za cholengedwa chimene chimatopa, chimatuluka thukuta, chimadwala ndipo chimafa.

Yohane anali nalo liwu lakuti munthu. Anasankhiranji sarx?

Anali nalo ndithu, ndipo walilemba pa vesi 6 ponena za Yohane Mbatizi. Pa vesi 14 analisiya dala.

Chifukwa chake chili m'Chiheberi. Uthengawu unalembedwa m'Chigiriki, koma khutu la wolemba linakulira m'Chipangano Chakale, mmene muli liwu lakuti *basar*, mnofu. Ayuda a ku Alexandria atayamba kumasulira Malemba m'Chigiriki, zaka zoposa 200 Yesu asanabadwe, *basar* kawirikawiri ankamumasulira kuti *sarx*. Motero *sarx* la Yohane lasenza katundu wa *basar*, ndipo katunduyo ndi mitolo iwiri.

Mtolo woyamba ndi kufooka. Yesaya 40:6-8, tikamutsata liwu ndi liwu, akuti mnofu wonse ndi udzu. Udzu umauma, duwa limafota, koma mawu a Mulungu wathu adzakhala mpaka kalekale. Mneneriyo waika Mawu tsidya lino, mnofu tsidya ilo, mtsinje pakati. Yohane watenga ziwiri zomwezo n'kuzimanga ndi mneni mmodzi. Myuda wodziwa Yesaya, pomva vesili koyamba, ayenera kuti khutu linamuwawa. Ngakhale anzeru a ku Babulo pa Danieli 2:11 ankadziwa kuti milungu sikhala pamodzi ndi mnofu. Imeneyo inali nzeru ya aliyense, wachikunja ndi Myuda yemwe.

Mtolo wachiwiri ndi chibale. Adamu ataona Hava anati ndi fupa la mafupa ake ndi mnofu wa mnofu wake. Labani anamuuza Yakobo zofanana nazo pa Genesis 29:14. Yuda poletsa abale ake kupha Yosefe anati mnyamatayo ndi mbale wawo, mnofu wawo. Ife timati chibale ndi fupa, sichiola; Aheberi ankatchula fupa ndi mnofu womwe. Kalata ya Ahebri 2:11-17 yagwira mbali imeneyi: popeza ana ndi a mwazi ndi mnofu, Iyenso analowa nawo m'zomwezo, ndipo sachita manyazi kuwatcha abale. Amene walowa mu mnofu walowa m'banja, ndipo m'banja satulukamo ngati mmene munthu amatulukira m'nyumba ya lendi.

Koma Paulo amati thupi limalimbana ndi Mzimu. Ndiye Yesu anatenga chinthu choipa?

Funso ili limabwera kwambiri, ndipo gwero lake ndi lakuti liwu limodzi likugwira ntchito ziwiri. Paulo akamati "ntchito za thupi" pa Agalatiya 5:19-21, liwu lake ndi *sarx*, koma werengani mndandandawo bwinobwino. Pa zinthu 15 zimene watchula, 8 ndi za kusamvana pakati pa anthu: madano, ndewu, kaduka, kupsa mtima, magawano ndi zinzake. Mulinso kupembedza mafano ndi nyanga. Kaduka sakhala mu mnofu wa pantchafu. Pa Afilipi 3:4-6 Paulo akuwerengera ngakhale mdulidwe wake, fuko lake la Benjamini ndi Ufarisi wake ngati "thupi". Apa *sarx* ndi munthu wodzidalira yekha, wofulatira Mulungu, kaya ndi chidakwa kaya ndi mkulu wa mpingo.

Paulo yemweyo amagwiritsanso ntchito liwuli popanda choipa chilichonse. Pa Aroma 1:3 akuti Yesu anabadwa m'mbumba ya Davide monga mwa thupi. Pa Aroma 8:3 akuponda mosamala kwambiri: Mulungu anatuma Mwana wake m'chifanizo cha thupi la uchimo. Thupilo ndi lenileni, lofanana ndi lathu; chimene mulibe ndi uchimowo. Ahebri 4:15 ikunena zomwezo, kuti anayesedwa m'zonse monga ife, koma wosachimwa.

Alaliki amene amadzudzula thupi ngati kuti khungu ndi mimba ndiye Satana angachite bwino kukumbukira kuti Yohane 1:14 ili m'Baibulo lomwelo.

Mawu amene akunenedwawa ndi ndani?

Pa Chigiriki ndi *Logos*, liwu la chinthu chimodzi, ngakhale Chichewa chimati "Mawu" ngati ambiri. Apa chinenero chathu chatikomera, chifukwa "Mawu anali" zimamvekanso ngati tikunena munthu wolemekezeka.

Agiriki ankalidziwa liwuli. Heraclitus wa ku Ephesus, cha m'ma 500 Yesu asanabadwe, ndiponso anzeru otchedwa Asitoiki pambuyo pake, ankatcha *logos* nzeru yoyendetsa chilengedwe chonse. Philo, Myuda wa ku Alexandria wa nthawi ya Yesu, analembanso zambiri za *logos*. Koma Yohane wayamba ndi "pachiyambi", mawu oyamba a Genesis, kumene Mulungu amalenga mwa kulankhula. Zoti kuli *Logos* wanzeru wa Chigiriki akanavomera mosavuta. Pamene akanaimirira n'kuchoka ndi pa vesi 14.

"Anasandulika": kodi analeka kukhala Mulungu?

Apa ndi pamene Chichewa chingatipusitse. Kwathu chinthu chikasanduka china, choyambacho chimatha. Chimanga chikasanduka ufa sungachidzalenso. M'nthano za kumudzi, munthu akasanduka fisi ndiye kuti amene mwakumana naye usikuwo ndi fisi, munthu mulibemo mpaka kutacha. Womva "anasandulika" ndi khutu limenelo angaganize kuti kumwamba kunatsala mpando wopanda mwini kwa zaka 30 ndi kanthu.

Liwu la Chigiriki ndi *egeneto*, lochokera ku *ginomai*, kukhala chimene sunali. Nthawi zina limanenadi kusinthika kotheratu, monga madzi aja a ku Kana pa Yohane 2:9. Koma kawirikawiri silitero. Pa Yohane 1:12, mavesi awiri okha m'mbuyo, okhulupirira apatsidwa mphamvu ya kukhala ana a Mulungu, mneni wake yemweyu, ndipo saleka kukhala anthu. Mtsikana akakhala mayi saleka kukhala mwana wa makolo ake.

Yohane wasanja aneni ake mwaluso. M'mavesi awiri oyamba walemba kanayi kuti Mawu "anali", pa Chigiriki *en*, kukhalapo kopanda chiyambi. Zolengedwa zonse pa vesi 3 "zinakhala", *egeneto*. Pa vesi 14 Iye amene "anali" walowa m'gulu la zinthu zimene "zimakhala". Kusiyanitsa komweku kwabweranso pa Yohane 8:58: Abrahamu asanakhale, Ine ndilipo. Amene akulankhula pamenepo ndi munthu wa mnofu, woti anthu atola miyala kuti amugende, komabe akudzitchula ndi mneni wa pa vesi 1. N'chifukwa chake aphunzitsi akale ankanena kuti anakhala chimene sanali, osaleka kukhala chimene anali.

Nanga "nakhazikika pakati pa ife" pa Chigiriki akuti chiyani?

Akuti *eskenosen*, kuchokera ku *skene*, hema kapena msasa. Liwu ndi liwu, anamanga hema wake pakati pathu. Mneni ameneyu amapezeka kasanu kokha m'Chipangano Chatsopano: pano, ndi kanayi m'Chivumbulutso.

Wina angamve ngati akunena mlendo wongodutsa, popeza mlendo ndi mame. Koma Yohane akuloza ku chihema cha m'chipululu, chija chofoleredwa ndi nsalu za ubweya wa mbuzi ndi zikopa za nkhosa, chimene ulemerero wa Mulungu unadzazamo pa Eksodo 40:34 mpaka Mose analephera kulowa. Ndiye chifukwa chake mawu otsatira pomwepo ndi akuti "tinaona ulemerero wake". Akatswiri ambiri aonanso kuti zilembo s, k, n za liwu la Chigirikili zikufanana ndi za liwu la Chiheberi lakuti *shakan*, kukhala, kumene kunachokera dzina la chihemacho, *mishkan*. Pa Chivumbulutso 21:3 mneni yemweyu akunena za Mulungu kukhala ndi anthu mpaka muyaya, choncho kufulumira kuchoka mulibemo m'liwuli.

Kodi sizingatheke kuti ankangooneka ngati munthu?

Ili ndi funso lakale kuposa onse. Chodabwitsa n'chakuti umodzi mwa mikangano yoyambirira mumpingo sunali woti Yesu ndi Mulungu kapena ayi, koma woti analidi ndi mnofu kapena ayi. Kwa Agiriki, mulungu kuoneka ngati munthu sinali nkhani. Anthu a ku Lustara pa Machitidwe 14:11-12 ataona wopunduka akuyenda anafuula kuti milungu yatsika ikuoneka ngati anthu, n'kumutcha Barnaba Zeus, Paulo Hermes. Kuvala maonekedwe kwa tsiku limodzi kunali kololeka. Kubadwa mwa mkazi, kuyamwa, kudulidwa tsiku la 8, kumva ludzu, kufa, zimenezo ankaziona ngati zonyazitsa.

Amene ankaphunzitsa kuti thupi la Yesu linali maonekedwe chabe amatchedwa Adoketi, kuchokera ku *dokein*, kuoneka ngati. Makalata a Yohane akulimbana nawo poyera: 1 Yohane 4:2 ikuti mzimu wochokera kwa Mulungu ndi umene uvomereza kuti Yesu Khristu anadza *en sarki*, mu mnofu, ndipo 2 Yohane 7 ikutcha okana zimenezi onyenga. Ignatius, bishopu wa ku Antioch, akutengedwa pa unyolo kupita ku Rome kukaphedwa cha m'ma 110, analembera Akhristu a ku Tralles akubwereza liwu lakuti "zoonadi": anabadwa zoonadi, anadya ndi kumwa, anazunzidwa zoonadi pansi pa Pilato, anapachikidwa ndi kufa zoonadi. Kenako anafunsa kuti ngati Ambuye anavutika mwa maonekedwe okha, iye wamangidwiranji. Tertullian wa ku Carthage, kumpoto kwa Africa, analemba buku lathunthu pa za mnofu wa Khristu, ndipo kwina anatcha mnofu mahinjesi a chipulumutso, popeza pa Chilatini *caro* ndi *cardo* amamveka mofanana.

Uthenga wa Yohane, womwe anthu amautcha wauzimu kwambiri, ndi womwenso umatiuza kuti Yesu anatopa n'kukhala pachitsime, analira pamanda a Lazaro, ananena kuti ali ndi ludzu, ndipo atamubaya panatuluka magazi ndi madzi.

Zikusiyana bwanji ndi munthu wogwidwa ndi mzimu, kapena kubadwanso mwa munthu wina?

Amene anaonapo vimbuza kumpoto amadziwa mmene zimakhalira. Ng'oma zikakolera, munthu amanjenjemera, mawu amasintha, mzimu umalankhula zofuna zake, kenako umachoka, munthuyo n'kutsala wolefuka, ali yemwe uja anali dzulo. Pamenepo pali awiri: mwini thupi ndi mlendo. Mphunzitsi wina wakale dzina lake Cerinthus, malinga ndi zimene analemba Irenaeus, ankaphunzitsa zonga zomwezi za Yesu, kuti Khristu anamutsikira pa ubatizo n'kumuchokera asanavutike. Mpingo unakana, chifukwa Yohane sakunena kuti Mawu analowa mwa munthu amene analipo kale. Akuti anakhala mnofu. Mwini thupilo ndi Mawu omwewo, kuyambira m'mimba.

Kubadwanso, kumene Ahindu ndi Abuda amakhulupirira, ndi nkhani ina: moyo kubwerera kambirimbiri m'matupi osiyanasiyana. Pa Chingerezi mawu awiriwa, incarnation ndi reincarnation, amafanana, n'chifukwa chake ena amawasokoneza. Ahindu alinso ndi *avatara*, kutsika kwa mulungu wawo Vishnu mobwerezabwereza, monga mwa Rama ndi Krishna. Chikhristu chimanena za kamodzi kokha, kosabwereza.

Chikhulupiriro cha Nicaea chimanenanji mawu awiri, "anatenga thupi" ndi "anakhala munthu"?

Msonkhano wa mabishopu umene Constantine, mfumu ya Aroma, anaitanitsa ku Nicaea mu 325, kumene lero ndi İznik m'dziko la Turkey, unaika aneni awiri motsatizana: *sarkothenta*, anakhala mnofu, ndi *enanthropesanta*, anakhala munthu. Msonkhano wa ku Constantinople mu 381 unawasunga, n'kuwonjezera pakati pawo mawu onena za Mzimu Woyera ndi Namwali Mariya. Chikhulupiriro chimene mipingo yambiri imanena Lamulungu ndi cha 381 chimenechi.

Wachiwiriyo akuteteza woyamba. Apollinaris, bishopu wa ku Laodicea ku Syria, mnzake wa bishopu Athanasius pa nkhondo yolimbana ndi chiphunzitso cha Arius chakuti Mwana ndi cholengedwa, anatenga *sarx* mopapatiza. Anati Mawu anatenga thupi, koma m'malo mwa nzeru za munthu munakhala *Logos* yekha, ngati dalaivala m'galimoto. Gregory wa ku Nazianzus anamuyankha ndi chiganizo chimene chimakumbukiridwa mpaka lero: chimene Khristu sanachitenge, sanachichiritse. Ngati uchimo umayambira m'maganizo ndi m'chifuniro, Mpulumutsi wopanda maganizo a munthu wasiya bala lalikulu osalimanga. Chiphunzitso cha Apollinaris chinakanidwa mu 381.

Malemba ali mbali ya Gregory. Yesu ankakula mu nzeru pa Luka 2:52, mtima wake unavutika pa Yohane 12:27, ndipo ku Getsemane anasiyanitsa chifuniro chake ndi cha Atate.

Nanga kenosis ndi chiyani? Ndi liwu lomwelo?

Ayi, ndi lina, lochokera pa Afilipi 2:7: *heauton ekenosen*, "anadzikhuthula yekha" m'Buku Lopatulika. *Kenos* ndi chinthu chopanda kanthu m'kati, ngati mtsuko wokhuthulidwa. Dzina lakuti *kenosis*, monga *sarkosis*, linayamba kugwiritsidwa ntchito pa chiphunzitsochi pambuyo.

Funso lovuta ndi lakuti anakhuthula chiyani. M'zaka za m'ma 1800 Gottfried Thomasius wa ku Erlangen ku Germany anaphunzitsa kuti Mwana anasiya zina za umulungu, monga kudziwa zonse ndi kupezeka paliponse, pofuna kufotokoza mavesi onga Marko 13:32, pamene Yesu akuti sadziwa tsiku lomaliza. Ambiri sanagwirizane naye, ndipo ife tikuona kuti vesilo likuwakomera iwowo. Paulo sanatchule chinthu chimene chinatayidwa. Wafotokoza kukhuthulako ndi mawu otsatira: natenga maonekedwe a kapolo. Anadzikhuthula potenga, osati potaya. Mfumu ikavula zachifumu n'kugwira khasu m'munda wa wamasiye, ufumu sunaichokere. Yasiya ulemu umene inayenera kulandira. Fanizoli lili ndi polekezera pake, chifukwa mfumu ndi mlimi onse ndi anthu kale.

Bwanji mipingo ya ku Egypt ndi Ethiopia imanena mosiyana ndi ena?

Atavomereza kuti ndi Mulungu weniweni ndiponso munthu weniweni, panatsala kufotokoza mmene ziwirizi zilili mwa mmodzi. Nestorius, bishopu wa ku Constantinople, ankakana kutcha Mariya *Theotokos*, wobala Mulungu. Cyril wa ku Alexandria anati ngati Mawu anakhaladi mnofu, amene Mariya anabala ndi Mawu omwewo. Msonkhano wa ku Ephesus mu 431 unakomera Cyril. Mu 451 msonkhano wa ku Chalcedon, dera limene lero ndi Kadıköy mumzinda wa Istanbul, unati Khristu ndi mmodzi m'zikhalidwe ziwiri, zosasakanikirana, zosasinthika, zosagawika, zosalekana.

Akhristu ambiri a ku Egypt, Syria, Armenia ndi Ethiopia sanalandire mawu akuti "ziwiri". Anakakamira mawu a Cyril akuti chikhalidwe chimodzi cha Mulungu Mawu chokhala mnofu, ndipo liwu lomaliza pa Chigiriki ndi *sesarkomene*, mwana winanso wa *sarx*. Dzina la mpingo wa ku Ethiopia, Tewahedo, limatanthauza kupangidwa chimodzi. Iwowa sakana umunthu wa Yesu. Amaopa kuti "ziwiri" zimugawa pakati. Mu 1973 Papa Paul VI ndi Papa Shenouda III wa Akoputi, Akhristu a ku Egypt, anasaina ku Rome chikalata chovomereza limodzi kuti Khristu ndi wangwiro mu umulungu ndi wangwiro mu umunthu, patatha zaka zoposa 1,500 chigawanikireni.

Pa Yohane 6, "kudya thupi langa", ndi liwu lomweli?

Inde. Mateyu, Marko, Luka ndi Paulo pofotokoza Mgonero amalemba *soma*. Yohane 6:51-56 ikulemba *sarx*, ndipo kuyambira vesi 54 mneni wake ndi *trogo*, kutafuna. Sizodabwitsa kuti ophunzira ambiri anabwerera m'mbuyo tsiku limenelo. Akatolika ndi a Orthodox amamva mavesiwa ngati onena za Ukaristia. Apulotesitanti ambiri amati akunena za kukhulupirira Khristu wopachikidwa, n'kuloza vesi 63, yakuti thupi silithandiza kanthu. Pa vesi 63 imeneyo onaninso yankho la funso lija lonena za Paulo: liwu limodzi, ntchito ziwiri.

Kodi onse amene amalemekeza Yesu amavomereza chiphunzitsochi?

Ayi. Asilamu amakhulupirira kuti Yesu, amene iwo amamutcha Isa, anabadwa mwa namwali Maryam, ndipo Qur'an pa Sura 3:45 ndi 4:171 imamutcha liwu lochokera kwa Mulungu, koma amati ndi mneneri, ndipo Mulungu sabala kapena kubadwa. A Mboni za Yehova amati Mawu analipo asanabadwe padziko, koma ngati cholengedwa choyamba, ndipo padziko anali munthu wangwiro basi. Kusiyana kwawo ndi mipingo ina kwagona pa Yohane 1:1 osati pa *sarx*.

Atauka kwa akufa, mnofuwo anauvula?

Malemba sakutero. Pa Luka 24:39-43 akuwauza kuti amukhudze, n'kudya chidutswa cha nsomba yootcha iwo akuona. Tomasi anaitanidwa kuika dzanja m'nthiti. 1 Timoteo 2:5, yolembedwa Yesu atakwera kale kumwamba, ikumutchabe "munthu Khristu Yesu".

Amene amafunsa izi nthawi zambiri amakhala atawerenga 1 Akorinto 15:50, yakuti thupi ndi mwazi sizingalowe mu ufumu wa Mulungu. Paulo wadzifotokoza yekha m'theka lachiwiri la vesilo ndi pa vesi 53: akunena za chovunda, ndipo chovundacho chiyenera kuvala chisavundi. Chimene chatha ndi kufooka ndi kufa, mtolo woyamba uja wa *basar*. Chibale chatsala.

Mawu anakhala mnofu liti: pa Khrisimasi kapena kale?

Mipingo yakale imayankha kuti pamene Mariya anatenga pathupi, ndipo liwu lathu la Chichewa lakuti "pathupi" likugwirizana bwino ndi nkhaniyi. N'chifukwa chake pa 25 March, miyezi 9 isanafike 25 December, pali chikondwerero cha mngelo Gabrieli kufika kwa Mariya. Masiku awiri amenewa Akatolika amagwada pofika pa mawu aja a m'Chikhulupiriro onena za kutenga thupi. Masiku ena onse amangowerama. Ku Nazareth, paguwa la m'phanga la pansi pa tchalitchi chachikulu, analemba vesi la Yohane m'Chilatini n'kuwonjezerapo liwu limodzi, *hic*, kutanthauza "pano": *Verbum caro hic factum est*.

Baibulo silitchula tsiku lenileni. Umboni wakale kwambiri wa 25 December ndi wa ku Rome, wa m'zaka za m'ma 300. Chaka nachonso chinaphonyeka pang'ono. Mmonke Dionysius Exiguus, amene mu 525 anayambitsa kuwerenga zaka kuchokera pa kukhala munthu kwa Ambuye, anachedwetsa ndi zaka zingapo, popeza Herode, amene Mateyu akuti anali moyo Yesu akubadwa, anamwalira zaka 4 chisanafike chaka choyamba cha kawerengedweko. Ku England chaka chatsopano chinkayamba pa 25 March mpaka mu 1752, pamene anachisamutsira ku 1 January.